Tsiku limene ndinalemba ziro pa Lichenya

Pepala limene ndinapatsidwa ku ofesi linali lakale, lojambulidwa mobwerezabwereza mpaka manambala ena anali atayamba kufufutika, komabe uthenga wake unali womveka. Linkanena kuti pa Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, m'mbali mwa kachigwa kena kotsetserekera kumtsinje, panali puloti ya kafukufuku imene anthu amene anatitsogolera pa ntchitoyi anaikhazikitsa kalekale, ndipo m'kati mwake munali mitengo ya mkungudza yokhomedwa timalata ta manambala. Ndinatumidwa kuti ndikaipeze pulotiyo, ndikayezenso mtengo uliwonse, ndipo ndibwere ndi manambala atsopano oti akatswiri akawayerekeze ndi akale aja.

Tinanyamuka ku Likhubula kusanache, ine, mnzanga wa ku ofesi, ndi abambo awiri a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amene tinawalemba ganyu yonyamula zipangizo ndi ufa. Mmodzi wa abambowo anali wachikulire, waimvi, wosalankhulalankhula, ndipo ankakwera chikweza chonse osapumira pamene ife achinyamata tinkangoimaima. Nkhani ino ndi ya zimene iwo anandionetsa, koma dzina lawo sindilitchula, ndipo chifukwa chake chidziwika kutsogoloku.

Ntchito ya wonyamula tepi

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya kafukufuku wa zankhalango, ena amaganiza kuti ndine mlonda wothamangitsa owotcha makala, pamene ena amaganiza kuti ndine wasayansi wolemba mabuku. Ine ndine tekinishani, wothandizira kafukufuku. Katswiri amabwera ndi funso lake, monga lakuti nkhalango ikakhudzidwa ndi moto imabwerera motani, kapena lakuti mbande zimakula bwino pa dothi lotani, koma amene amakwera phiri kukatenga manambala oyankhira funsolo ndife.

Ntchitoyi ili ndi timalamulo tambiri tooneka ngati topanda pake kwa munthu woonerera. Kunenepa kwa mtengo timakuyeza pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo ngati mtengowo uli pamalo otsetsereka woyeza amaima kumtunda kwake, chifukwa akaima kumunsi tepi imazungulira pamalo ena, ndipo amene adzabwere zaka zamtsogolo adzapeza manambala osagwirizana ndi ake popanda kudziwa chifukwa. Mbande timaziyeza ndi kalipa, kachipangizo koyezera kunenepa, pakhosi pake, pamene tsinde lakumana ndi dothi. Timakumba dothi pa kuya kosiyanasiyana n'kuliika m'timatumba tolembedwa bwino kuti likaumitsidwe, likasefedwe ndi kupimidwa. Chomera chimene sitikuchidziwa timachipanikiza pakati pa nyuzipepala zakale kuti akachizindikire ku National Herbarium ku Zomba. Zonse timalemba ndi pensulo, popeza chiperoni chikangotsika inki imayenderera papepala ndipo ntchito ya tsiku lonse imatha pomwepo.

Pa malamulo onsewa, limene aphunzitsi athu ku sukulu ya zankhalango ya ku Chongoni, ku Dedza, ankalibwereza koposa ndi lakuti puloti sisunthidwa. Pamene inaikidwa ndi pomwepo, kaya pagwa thanthwe, kaya pamera minga. Tekinishani akayamba kusankha yekha malo amene mitengo ikuoneka bwino, manambala ake amanena za malo okoma okhaokha, ndipo akatswiri akawachulukitsa kuti aimire phiri lonse, bodza laling'onolo limakula nawo limodzi.

Zimene ndinkadziwa pokwera

Sindinakwere ndi chiyembekezo chachikulu, ndipo aliyense wa kuno ku Mulanje akudziwa chifukwa chake. Mkungudza wa m'phiri lino, umene ambiri amangoutchula kuti sida, sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Akatswiri amautchula kuti Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, amene anatola zomera m'phirili m'zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1984 a Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko lathu. Phirili lakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927. Koma thabwa limene chiswe sichilidya, losawola msanga m'madzi ndiponso lonunkhira, silisowa wogula: linapita kukakhoma madenga ndi zitseko, linapita kunyanja kukapanga maboti, ndipo zotsalira zake zinasanduka timabokosi togulitsa kwa alendo. Pamwamba pa sowo panabweranso nsabwe za mitengo ya cypress zimene zinaoneka m'dziko muno mu 1986, mitengo ya paini yochokera ku Mexico imene inabzalidwa m'phirimo kenaka n'kuyamba kudzifesa yokha, ndi moto wolusa wa chaka ndi chaka.

Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo m'phiri lonse, ndipo pasanapite nthawi iyonso inagwetsedwa. Mu 2019 mtengowu unaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa mayiko. Choncho ndinkadziwa kuti ndikupita kukaona zitsa. M'maganizo mwanga ntchitoyo inali ya ola limodzi: kupeza malo, kulemba kuti mitengo inadulidwa, kuwerenga mbande ngati zilipo, n'kupita pa puloti yotsatira dzuwa lisanapendeke.

"Imfa zake si imodzi"

Kupeza pulotiyo kunavuta. Chitsulo chimene chimakhomedwa pakati pa puloti chinali chitazulidwa kale, monga zimachitikira nthawi zambiri, ndipo GPS inkatizunguliritsa m'tchire la minga lofika m'khosi. Titazungulira kwa kanthawi, abambo achikulire aja anatula katundu wawo n'kufunsa mofatsa kuti: "Kodi achimwene, mukufuna paja panali mitengo ya timalata?" Nditavomera, anangotembenuka n'kulowera kumunsi, ife tikuwatsata, mpaka tinafika pa mwala waukulu wong'ambika pakati umene unajambulidwanso papepala langa. Pansi panali zigwagwa zotuwa zitaunjikana, utuchi wakale utasanduka dothi, ndi dzenje lochekera matabwa litakwiririka theka. Pa chigwagwa china panali kalata kakang'ono ka aluminiyamu, msomali wake udakali pomwepo, ndipo nambala yake inagwirizana ndi imene inali pa mzere wachitatu wa pepala langa.

Tinakoka zingwe, tinapeza zitsa zonse, ndipo ndinayamba kudzaza fomu. Fomuyo inali ndi danga limodzi lofunsa za moyo wa mtengo, ndipo mayankho ololedwa anali atatu: wamoyo, wouma, wodulidwa. Ndinalemba yankho lachitatu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Abambo aja anali ataima pambali panga akuyang'ana pensulo ikutsika.

"Achimwene, mwalemba chiyani pamenepo?"

"Ndalemba kuti yonse inadulidwa, bambo."

"Yonse mofanana?"

"Inde, bambo, popeza zonsezi ndi zitsa."

Anapukusa mutu. "Ayi, imfa zake si imodzi. Tabwerani muone."

Ananditengera pa chitsa choyamba, chachifupi, chodulidwa mosalala pafupi ndi dothi, ndipo anachotsa ndere ndi chala kuti ndione mzere wozungulira tsinde pamene khungwa linasendedwa mtengo udakali chiimire. Pamwamba pa mzerewo mtengo unayesa kutseka bala n'kutupa pang'ono, umboni wakuti unakhalabe moyo kwa kanthawi usanaume. Anandifotokozera zimene ndinali nditawerengapo m'malipoti koma ndisanazionepo ndi maso: kale lamulo linkalola kucheka mikungudza youma yokha, choncho munthu wofuna mtengo wamoyo ankaupha kaye, poukungula khungwa kapena kusonkha moto patsinde, n'kudikira chaka kapena ziwiri, kenaka n'kukapempha chilolezo cha mtengo umene aliyense ankaona kuti ndi wouma. Wocheka wotere sankafulumira. Ankadula pansi penipeni, ankakumba dzenje labwino, ankacheka thunthu lonse mpaka kunsonga, ndipo ankasiya zigwagwa zokha.

Chitsa chachiwiri chinali chachitali, chofika m'chiuno, chodulidwa mokhotakhota ndi nkhwangwa, ndipo patsogolo pake panagona theka la thunthu losachekedwa, nthambi zake zitauma pomwepo. "Awa ndi ana a dzulodzuloli," anatero. "Analibe chilolezo, anali ndi mantha, anadula wauwisi, anatenga matabwa a pakati okha n'kuthawa." Anandionetsa utomoni umene unatuluka n'kuuma pamwamba pa chitsacho, chinthu chimene sichinalipo pa chitsa choyamba chija. Chachitatu chinali chakuda ndi chamkati mwa mphako, ndipo iwo ananena kuti mtengo umenewo unaphedwa ndi moto weniweni wochokera ku udzu wa kumtunda, ndipo anthu anadzangotola zotsala, ena mpaka kusema chitsa chenichenicho.

Kenaka tinabwerera pa chitsa china chachifupi, chachikulu kuposa zonse m'pulotimo. Anaima, anaika dzanja pamwamba pake, n'kunena osandiyang'ana kuti: "Uwu ndinacheka ndine, ndi alamu anga. Ine ndinali pamwamba, iwo m'dzenje." Anatchula chaka, anatchula kuti anatsika nawo matabwa pamutu kwa milungu ingapo, ndipo anati ndalama yake ndi imene inalipirira mwana wawo woyamba sukulu ya sekondale. Sanapepese, komanso sanadzitame. Analankhula monga munthu wofotokoza ntchito imene ankaidziwa bwino.

Ndinayang'ana fomu yanga ndipo ndinaona kuti inali itameza nkhani zitatu zosiyana m'mawu amodzi. Mtengo wophedwa ndi lamulo lokhala ndi mpata, mtengo wobedwa mwamantha, ndi mtengo wopsa ndi moto sifanana, chifukwa mankhwala a vuto lililonse ndi osiyana: loyamba limafuna kukonza lamulo, lachiwiri limafuna ulonda ndi kutseka msika, lachitatu limafuna mizere yotchinga moto. Katswiri wolandira fomu yanga ku ofesi akanangoona kuti mitengo inadulidwa, ndipo akanalemba zimene aliyense amalemba. Ndinatembenuza pepala, ndinajambula madanga atsopano ndi dzanja, ndipo tinayambiranso chitsa ndi chitsa: kutalika kwake, kunenepa kwake pamene anadula, chida chimene chinagwiritsidwa ntchito, ngati panali mzere wa khungwa, utomoni kapena makala, ndi kuchuluka kwa thunthu limene linasiyidwa. Ine ndinkayeza, iwo ankawerenga zizindikiro. Kuchokera pa kunenepa kwa chitsa ndi kutalika kwake munthu akhoza kuyerekeza kukula kwa mtengo pa tsiku limene unagwa, ndipo poti tinali ndi manambala akale, zinatheka kuona kuti mtengo uliwonse unakula motani usanadulidwe. Ntchito ya ola limodzi ija inatitengera mpaka mphepo ya madzulo itayamba kuluma zala.

Kuseri kwa chingwe

Chinatsala chinali kuwerenga mbande. M'puloti iliyonse muli timabwalo ting'onoting'ono toikika kale, ndipo tekinishani amagwada n'kuwerenga kambewu kalikonse ka mtengo kamene kamera m'menemo. Tinapeza minga ya rasipiberi wachilendo uja amene wadzaza malo ambiri otseguka m'phirimo, tinapeza zitsamba ndi zilambe, tinapeza timbande ta mitengo ya masamba aakulu, koma mkungudza panalibe ngakhale umodzi.

Abambo aja anadikira kuti ndimalize, kenaka anandikodola. Tinadumpha chingwe cha malire, tinayenda mapazi owerengeka kukwera kumene nkhalango imathera ndipo udzu umayambira, ndipo pamenepo, pa dothi lamiyala lopanda zinyalala, panali timitengo tobiriwira, tina tofika m'mawondo, tina m'chiuno, tili ndi masamba osongoka ngati mmene mkungudza umakhalira udakali waung'ono. Panalibe dzenje lobzalira kapena chubu chotayidwa pafupi. Tinali titamera tokha kuchokera ku njere zimene mitengo ija inamwaza isanagwe.

Malowo anali ogwirizana ndi zimene zimadziwika za mtengowu. Mbande ya mkungudza simera pamthunzi wa makolo ake kapena pansi pa masamba ounjikana. Imafuna kuwala ndi dothi loyera, zimene zimapezeka m'mphepete mwa nkhalango, pamene padutsa moto kapena pamene pagumuka nthaka. Koma mbande yomweyo ikakumana ndi moto wina isanakhwime khungwa imafa. Choncho mtengowu umapindula ndi moto wobwera patapita zaka zambiri, pamene moto wa chaka chilichonse, woyatsidwa ndi osaka nyama kapena wothawa pa misasa ya ocheka, umaupha usanabereke.

Mnzanga wa ku ofesi, amene anali atatopa ndi kuzizidwa, ananena zimene mwina aliyense akanaganiza: "Amwene, bwanji tingokokera kabwalo kamodzi kuno? Kusiyana kwake ndi mapazi ochepa, ndipo lipoti likhala ndi kanthu." Sankafuna kunama, ankaona kuti kubwera ndi ziro pamene mbande tikuziona ndi maso n'kumene kukanakhala kunama. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe mpaka lero. Puloti ija inali kuyankha funso lakuti kodi pamalo pamene panali mikungudza ikuluikulu pakumeranso ina, ndipo yankho loona linali lakuti ayi. Ndinalemba ziro m'danga lililonse. Koma kuseri kwa pepalalo ndinajambula mapu a kamalo kaja, ndinatenga nambala za GPS, ndipo kamtengo kalikonse tinakamangirira kalata ka nambala ya mndandanda wina, n'kukayeza. Abambo aja anagwira tepi, ndipo pamene ndinkalemba ziro uja anafunsa ngati akuluakulu akaona zimenezi sakanena kuti phiri latha. Ndinayankha kuti ndikawaonetsa mbali zonse ziwiri za pepala.

Panalinso funso lina limene linandiletsa kusangalala msanga. M'phiri la Mulanje muli mitundu iwiri ya Widdringtonia. Wina ndi whytei, wa thunthu limodzi lalitali, umene ocheka amaufuna. Wina ndi nodiflora, umene umapezekanso m'mayiko ena a kumwera kwa Africa, ndipo nthawi zambiri umakhala waufupi, wa matsinde angapo, komanso umaphukanso patsinde ukapsa. Idakali yaing'ono mitundu iwiriyi ndi yovuta kuisiyanitsa. Abambo aja anatsimikiza kuti zambiri mwa mbandezo zinali sida weniweni, ndipo analoza ziwiri za kumapeto n'kunena kuti izo ndi za mtundu winawo, umene iwo sankauwerengera poti sutulutsa thabwa. M'buku ndinangolemba kuti Widdringtonia osatchula mtundu wake, n'kuwonjezera maganizo awo pambali, ndi mawu osonyeza kuti anali maganizo a munthu wodziwa malowo.

Lupsa

Ku ofesi pepala langa la mbali ziwiri linalandiridwa bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Katswiri amene ndinkagwira naye ntchito anakhala nalo nthawi yaitali, anafunsa kuti madanga olembedwa pamanja aja anachokera kuti, ndipo anavomera kuti awonjezedwe pa fomu. Anavomeranso kuti tiziyenda mizere yowerengera mbande m'mphepete mwa nkhalango, kunja kwa mapuloti akale, monga kafukufuku woima payekha. Chimene sichinatheke chinali kupeza ndalama yolambulira mzere wotchinga moto kuzungulira kamalo kaja, chifukwa mu bajeti munalibe mzere wotero.

Moto unadutsa mu Okutobala. Pamene ndinabwererako mvula yoyamba itagwa, udzu watsopano unali utayamba kuphuka pa lupsa, ndipo timalata tathu tinali lendelende pa timitengo takuda touma. Ndinagwada pa kalikonse, kukanda khungwa ndi chikhadabo ndi kufukula pang'ono pakhosi kuona ngati pali mphukira. Tiwiri ta kumapeto tija tinali titatulutsa mphukira zobiriwira patsinde. Tina tonse tinali titafa.

Munthu wa kafukufuku sayenera kulumpha apa. Kamtengo kakang'ono ka mtundu uliwonse kakhoza kufa ndi moto waukali, choncho kusaphuka pakokha si umboni wokwanira wa mtundu wake. Koma kuphuka kwa tiwiri tija kunagwirizana ndi zimene abambo aja ananena miyezi yambiri moto usanabwere, ndipo zimenezo ndinazilemba. Nditawapeza kwawo n'kuwauza, anangoti: "Ndinakuuzani, achimwene. Sida weniweni sabwereza." Kenaka anafunsa ngati panalibe amene akanakhala pafupi m'miyezi ya moto, popeza iwo akanatha kulambula kamaloko ndi chikwanje m'masiku awiri.

Manambala amene amakondedwa

Kuyambira mu 2016, ntchito yobwezeretsa mkungudza inakula kudzera mu pulojekiti ya Save Our Cedar, imene inagwirizanitsa Mulanje Mountain Conservation Trust, Forestry Research Institute of Malawi ndi Botanic Gardens Conservation International. Magulu a m'midzi yozungulira phiri anakhazikitsa manazale, njere zinachokera ku mikungudza imene inabzalidwa kalekale m'malo monga phiri la Zomba, ndipo mbande mazana a zikwi zinanyamulidwa pamutu kukwera nazo m'phiri. Aliyense amene anaonapo amayi akukwera njira ya ku Chambe atasenza mabeseni a machubu sangaipeputse ntchito imeneyi. Popanda iyo lero tikanakhala tikulankhula za mtengo wopezeka m'zithunzi zokha.

Chimene chimandivuta ndi nambala imene tonsefe, a mabungwe, atolankhani ndi andale, timakonda kutchula, yomwe ndi ya mbande zobzalidwa. Kuiwerengera nambala imeneyo ngati chipambano kuli ngati kuwerenga matumba a chimanga tsiku lobzala. Nambala imene tekinishani amabwera nayo ndi ina: mwa mbande zimene tinaika timalata, ndi zingati zili moyo patatha chilimwe chimodzi, patatha ziwiri, patatha zisanu, ndipo zimene zinafa zinafa ndi chiyani. Apa ndi pamene phunziro la pa Lichenya limandithandiza tsiku ndi tsiku. Mbande yopsa ndi moto imadziwika. Yofa ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi imafiira kuyambira kunsonga ndipo kawirikawiri imakhala pamalo otsika, opanda chitsamba choitchinga. Youma ndi dzuwa imazuka mosavuta, mizu yake idakali yopindika mmene inalili m'chubu. Yofotseredwa ndi udzu imakhala yaitali, yowonda ndi yotumbuluka. Ndipo pali mbande imene sinafe koma sitinaipeze, imene iyenera kulembedwa kuti sinapezeke, chifukwa kuiwerengera kwa zakufa kapena kwa zamoyo n'kungopeka.

Kusiyanitsa imfa zimenezi n'kumene kumauza obzala chochita chaka chotsatira. Ngati mbande zambiri pamalo zafa ndi chisanu, kuwonjezera alonda sikuthandiza. Pafunika kubzala pafupi ndi zitsamba kapena kusintha malo. Ngati zafa ndi moto, kubweretsa mbande zina zikwi khumi popanda kulambula mizere n'kungopatsa moto chakudya. M'mapuloti amene ine ndimayendera, mbande zobzalidwa m'mphepete mwa nkhalango ndi pakati pa zitsamba zimaoneka zamphamvu kuposa zobzalidwa pa udzu poyera, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi malo amene timitengo tomera tokha tija tinasankha.

Palinso vuto la nthawi. Pulojekiti imakhala zaka zitatu kapena zinayi, pamene mkungudza umafuna zaka makumi angapo kuti ukhale mtengo woti munthu n'kuukweza maso. Pulojekiti ikatha, tekinishani amasaka ntchito ina, mabuku amatsekeredwa m'kabati, ndipo mafayilo amatsala mu kompyuta ya munthu amene anachoka. Puloti ya pa Lichenya inatheka kuyezedwanso chifukwa munthu wina amene sindinamuonepo anajambula mwala wong'ambika papepala lake. N'chifukwa chake masiku ano puloti iliyonse ndimaijambula ndi dzanja kuwonjezera pa GPS, ndipo mabuku ndimawasunga m'malo awiri. Namondwe Freddy atagumula mbali zina za phirili mu Malichi 2023, njira ndi zizindikiro zambiri zinasintha, ndipo mapu a pamanja osonyeza matanthwe akuluakulu ndi amene anatithandiza kupezanso malo ena.

Amene salembedwa m'malipoti

Lipoti likatuluka limakhala ndi mayina a akatswiri, ndipo mwamwayi tekinishani amathokozedwa pa mzere umodzi kumapeto. Za ineyo sindidandaula kwambiri, poti ndimalandira malipiro a pamwezi. Koma madanga amene anawonjezedwa pa fomu yathu anachokera kwa munthu amene tsiku limenelo analipidwa ganyu ya wonyamula katundu, ndipo dzina lake silingalembedwe paliponse popanda kumuika m'mavuto, popeza nzeru zakezo anazipeza ali pamwamba pa dzenje lochekera.

Ndimamva anthu ena a zachilengedwe akulankhula za ocheka matabwa ngati adani basi, ndipo ndikumvetsa mkwiyo wawo, chifukwa zitsa ndaziona. Koma amene analemera ndi mkungudza si amene ankatsika ndi thabwa pamutu kuchokera pa Lichenya kapena pa Sombani. Ndalama yeniyeni inali kwa ogula amene ankadikira ndi magalimoto kumunsi. Ndipo anthu amene amadziwa kachigwa kalikonse kamene munali mkungudza, amene amadziwa kumene moto umalowera mphepo ikachokera kwakutikwakuti, ndi ocheka akale omwewo, ndipo ambiri a iwo akukalamba. Tsopano popeza bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa monga chuma cha dziko lonse lapansi mu 2025, alendo ndi mapulojekiti zikhoza kuchuluka, koma mbande ili pa mtunda wa maola ambiri kuchokera ku Likhubula imatetezedwa ndi munthu amene ali pafupi nayo mu Sepitembala ndi Okutobala, ali ndi chikwanje m'manja.

Chaka chino ndalemba pempho loti pa mapuloti a m'mphepete mwa nkhalango tilembe ocheka akale angapo ngati osamalira malo m'miyezi ya moto, aziyamba kulambula mizere mu Juni udzu usanaumiretu, azilipidwa pamwezi osati pa tsiku, ndipo azikhala nafe poyeza kuti zimene akuona zizilowa m'buku. Ndaika mtengo wake pambali pa mtengo wofesa, kunyamula ndi kubzala mbande zatsopano pamalo omwewo moto ukadutsa, kuti owerenga bajeti ayerekeze okha. Abambo aja ndawauza kuti ndawaika poyamba pa mndandanda, ndipo iwo anditchulira anzawo ena atatu, mmodzi wa ku mbali ya Phalombe amene amadziwa zigwa za ku Sombani. Pempholi lili pa desiki ya akuluakulu, ndipo ngati liyankhidwa mwezi wa Juni utadutsa, mizereyo idzalambulidwa chaka chamawa.